Chitini cha Bambo Raine

Folo koloko m'bandakucha, ku Penrith,
chisanu chikukanda pawindo ngati mphaka wotsekeredwa panja,
belu la chipinda chakumapeto lalira.
Ndikudziwa kale: si mankhwala, si madzi akumwa.
Ndi chitini chija.

Bambo Raine akhuthulira pabulangete mapeni akale,
akuda bii, onunkha dzimbiri ndi thukuta la anthu amene anapita,
ndalama zimene sitolo zinazikana ine ndisanabadwe.
"Masheleni awiri ndi mapeni asanu ndi awiri," akutero,
nalemba kuseri kwa envelopu, dzanja likunjenjemera: 27.
Ine ndawerenga ndi maso ndapeza 31.
Palibe wanama.
Iwo amamanga mitolo ya khumi ndi ziwiri,
ine rula ya aphunzitsi ku Mponela inandiphunzitsa ya khumi.

Ana awo ndi atatu.
Wina ali ku Carlisle, amabwera pa Khirisimasi,
wina anawoloka nyanja,
winayo ali kuseri kwa tchalitchi, koma iwo aiwala.
Akufuna kugawa chuma asanagone.
Diso likaona 27 limathamangira kudula patatu,
koma malaya si munthu:
uyu khumi, uyu khumi, uyo khumi,
peni imodzi yatsala pakati pa bulangete
ikutiyang'ana.

Tiyesa pawiri, mwina mmodzi wakana cholowa.
Yatsala imodzi.
Tiyesa pasanu, kuwerengera galu amene anafa ndi mkazi amene anatsogola.
Yatsala imodzi.
Kupitirira apo n'kuvutitsa nkhalamba;
zaka zisanu ndi zitatu ndinaima pabolodi ndi choko,
ndikudziwa nambala yokana kugawika ndikaiona.
Imalola awiri okha kuigwira:
mmodzi, ndi iyo yomwe.

Ndiye ndiwauza, kwathu lilime limawerenga ndi dzanja.
Likafika pa zisanu limatha zala, n'kuyambanso:
zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri.
Taonani: manja asanu odzaza, mulu umodzi.
Dzanja lina limodzi, apa.
Ndi kamodzi aka kouma mutu.
Ndalemba pansi pa 27 wawo: 111.
Aseka mpaka kutsokomola.
"Mitengo itatu ya mpanda," akuti, "nkhosa zathawa."

Januwale nayenso ndi yemweyu,
masabata anayi ndi masiku atatu olendewera,
43 kwa amene amawerenga Lamulungu ndi Lamulungu
kudikira malipiro, mayi akudikira feteleza.
Kompyuta ya ku ofesi ikadailemba 11111,
zala zisanu zoimirira, ngati munthu woimitsa basi.
Muiveke jekete, muiveke chitenje,
pogawa mudzaipeza ili pomwepo.

Pachifuwa panga pali baji yolembedwa Tia.
Anati Tiyanjane ndi lalitali,
silikwana pakamwa, silikwana papulasitiki.
Sindinakane. Lendi sadikira dzina.
Koma usiku ngati uno ndimadziwerenga mwakachetechete
ngati munthu wopapasa thumba atatsika minibasi,
ndipo ndimapeza zonse zilimo.

Bambo Raine atola peni yotsala ija,
aiika m'dzanja mwanga, napinda zala zanga pamwamba pake.
"Yako iyi, namwino."
Sindine namwino, koma zatha bwino:
makumi atatu ndi ofatsa,
amagawika pawiri, patatu, pasanu, pasanu ndi kamodzi,
aliyense wapeza zake, ngakhale wa kuseri kwa tchalitchi.
Agona kukamwa kuli yasa.

Lamulo la nyumba ino likuti wantchito asalandire kanthu.
Ndaimirira pang'ono, peni ikutentha m'dzanja,
nkhope ya mfumu yakale itafufutika mpaka kutsala khutu lokha.
Kenako ndaiponya m'chitini, pang'onopang'ono, kuti isalire.

Ndalemba m'buku la usiku: anadzuka folo koloko, anagonanso.
Kunja galimoto yothira mchere mumsewu yadutsa.
Mawa belu lidzalira,
tidzakhuthula, tidzagawa,
ndipo idzatsala.